Lamulo la CRA ku America: n'chiyani chimene oyendera mabanki amachiwerengera ngati chitukuko cha m'dera?

Mphangwe22:
Akuluakulu, ndithandizeni kumvetsa. Mabungwe ang'onoang'ono othandiza anthu ku America akapita kubanki kukapempha thandizo la ndalama, banki siyamba ndi kufunsa ubwino wa ntchito yawo. Imafunsa kuti anthu amene mumawathandiza amapeza ndalama zingati pachaka, ofesi yanu ili mu census tract (kadera kakang'ono ka kalembera wa anthu) iti, nanga umboni wake uli pati. Ena amangobwezedwa ndi mawu akuti "izi sizilowa mu CRA". Bungwe lodyetsa ana kapena lophunzitsa Chingerezi anthu obwera kumene m'dzikomo lingalephere bwanji kukhala chitukuko cha m'dera? Lamuloli limati chiyani kwenikweni?

Kauniuni:
A Mphangwe22, tisiyanitse kaye zinthu ziwiri. Banki ikhoza kupereka ndalama zake kulikonse kumene yafuna. Chimene ikudandaula n'chakuti kodi ndalamazo zidzawerengedwa oyendera mabanki akabwera kudzaipima pansi pa Community Reinvestment Act (CRA). Lamuloli linakhazikitsidwa mu 1977, nthawi ya Jimmy Carter, pofuna kuthana ndi redlining, pamene mabanki ankalandira ndalama zosungitsa za anthu a m'madera osauka, makamaka a anthu akuda, koma osawabwereketsa. Oyendera alipo atatu: OCC ya mabanki a chiphaso cha boma lalikulu, Federal Reserve ya mabanki a chiphaso cha state amene ndi mamembala ake, ndi FDIC ya otsalawo.

M'malamulo a 1995, amene anakonzedwanso mu 2005, chitukuko cha m'dera (community development) chili ndi makomo anayi basi. Khomo loyamba ndi nyumba zotsika mtengo za anthu opeza zochepa, kuphatikizapo zalendi. Lachiwiri ndi ntchito zothandiza anthu zolunjika kwa opeza zochepawo, monga chipatala, kosamalira ana, maphunziro. Lachitatu ndi kutukula chuma popereka ndalama ku mabizinesi ndi minda ing'onoing'ono. Lachinayi ndi kudzutsa kapena kulimbitsa madera: a anthu opeza zochepa, ogwa m'ngozi zachilengedwe, ndi ena akumidzi amene boma lawaika pa mndandanda.

Mawu akuti "opeza zochepa" ali ndi nambala yake. Amatenga ndalama zimene banja lapakatikati la m'deralo limapeza pachaka. Wopeza zosafika maperesenti 50 a nambalayo ndi low income, kuyambira 50 koma osafika 80 ndi moderate income, ndipo magulu awiriwa ndi amene amatchedwa LMI. Tiyerekeze kuti banja lapakatikati limapeza $90,000: malire a low ndi $45,000, a moderate ndi $72,000. Bungwe lodyetsa ana lija limalowera khomo lachiwiri, koma liyenera kuonetsa kuti ambiri mwa anawo ndi a mabanja a LMI.

Tsabola:
Ndiye mwana wanjala ayambe wabweretsa payslip ya bambo ake asanalandire phala?

MayiWaMabuku:
Ayi a Tsabola, sizinafike pamenepo. Oyendera atatu aja ali ndi chikalata cha mafunso ndi mayankho, Interagency Questions and Answers, chimene anachikonzanso komaliza mu 2016, ndipo chimalola zizindikiro zina m'malo mwa malipiro enieni. Ngati ntchito ikuchitika pa sukulu imene ana oposa theka ndi oyenera kulandira chakudya chaulere kapena chotsika mtengo cha National School Lunch Program, zakwana. Ngati ambiri othandizidwa ali pa thandizo la boma la chipatala (Medicaid), la chakudya (SNAP) kapena la lendi (Section 8), zakwananso. Bungwe limene cholinga chake cholembedwa ndi kuthandiza anthu opeza zochepa, kapena limene lili m'dera la LMI n'kumatumikira anthu a momwemo, nalonso limadutsa.

Pamene mabungwe ambiri amagwera m'pakuti amalemba kuti "timathandiza anthu obwera kuchokera kunja" kapena "timathandiza anthu akuda". CRA siyeza mtundu kapena kumene munthu wachokera, imayeza ndalama. Dokotala wobwera kumene ndi mlendo, koma si LMI. Kalasi la Chingerezi lija limawerengedwa pokhapokha pali kaundula woonetsa kuti ambiri mwa ophunzira ndi opeza zochepa.

Gologolo:
Mwachidule, maperesenti 51 kapena palibe. Ukapereweza ngakhale pang'ono, banki sipeza kanthu.

Kadzidzi:
Si choncho ndendende achimwene. Lamulo limafuna kuti chitukuko chikhale cholinga chachikulu cha ntchitoyo, primary purpose, ndipo njira zotsimikizira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi yomwe mwanenayo, ndalama zambiri kapena anthu ambiri opindula akhale a gulu loyenera. Yachiwiri ndi ya pamene nambala sizikufika: cholinga cha chitukuko chikhale chitalembedwa momveka, mwachitsanzo m'chikalata cha polojekiti, ntchitoyo ikhale itakonzedwa mwadala kuti ikwaniritse cholingacho, ndipo zioneke kuti ichikwaniritsadi. Ikadutsa njira iliyonse mwa ziwirizi, ndalama zonse zimawerengedwa.

Pa nyumba pali njira yachitatu. Ngati boma, kaya la mzinda kaya la state, linalamula kuti gawo la nyumba zomangidwazo lipatulidwire anthu a LMI, banki imawerengeredwa gawo lomwelo. Ngongole ya $10 miliyoni pa nyumba zimene maperesenti 10 ndi opatulidwa imapereka $1 miliyoni ya community development.

Gologolo:
Chabwino, pa nyumba ndavomera. Koma njira yachiwiriyo ndi ya papepala. Munthu wa CRA wa kubanki sakonda chinthu chodalira maganizo a woyendera, amafuna nambala imene palibe angaitsutse.

Kadzidzi:
Pamenepo mwanena zoona, n'chifukwa chake amafunsa mafunso aja kumayambiriro.

Mphangwe22:
Nanga zimene timaona pa Facebook, antchito a banki atavala malaya ofanana akusesa paki kapena kupenta nyumba ya nkhalamba?

NyenyeziYaMmawa:
Zimenezo n'zokongoletsa dzina la banki, koma sizilowa. Community development service iyenera kukhudzana ndi ntchito za ndalama. Kusesa m'dera kunatchulidwa m'chikalata cha mafunso chija ngati chitsanzo cha chinthu chosawerengedwa. Zowerengedwa ndi monga kukhala mu bodi ya bungwe la chitukuko m'dzina la banki, kukhala msungichuma wake, kukhala mu komiti yake yopenda ngongole, kuphunzitsa anthu a LMI kasamalidwe ka ndalama, kuwathandiza kulemba mafomu a msonkho, kapena kulangiza ogula nyumba koyamba. Luso lina limene munthu amaligwiritsa ntchito kubankiko, monga la malamulo, la kompyuta kapena loyang'anira antchito, limawerengedwanso akalipereka ku bungwe la chitukuko. Koma ngati wantchito amathandiza kutchalitchi kwawo mwa iye yekha, osaimira banki, maola amenewo ndi ake, banki isawatole.

Choncho bungwe lanzeru limapempha banki kuti ipereke munthu wokhala mu bodi. Banki imapeza maola, bungwe limapeza wodziwa mabuku.

Kauniuni:
Khomo lachitatu ndi limene limasokoneza ngakhale a kubanki omwe. Lili ndi mayeso awiri ndipo onse ayenera kudutsidwa. Oyamba ndi a kukula: bizinesi kapena munda ukhale wolowetsa ndalama zosaposa $1 miliyoni pachaka, kapena ukwane m'malire a mapulogalamu a SBA (nthambi ya boma yothandiza mabizinesi ang'onoang'ono) a Development Company kapena SBIC (makampani olowetsa ndalama m'mabizinesi ang'onoang'ono). Achiwiri ndi a cholinga: ndalamazo zibweretse, zisunge kapena zikweze ntchito zokhazikika za anthu a LMI, kapena m'madera a LMI, kapena m'madera amene boma lawasankha kuti akonzedwenso. Kungoti "bizinesiyi ilemba anthu 15" sikokwanira. Woyendera afunsa malipiro a ntchitozo, ngati n'zokhazikika, ndi kumene zili. Ndalama zopita ku SBIC, ku bungwe la New Markets Tax Credit (pulogalamu yochotsera msonkho olowetsa ndalama m'madera osauka), kapena ku CDFI (bungwe la zachuma lotukula madera osauka) imene imabwereketsa mabizinesi ang'onoang'ono zimatengedwa kuti zadutsa mayeso a cholinga popanda kufufuza ntchito imodziimodzi.

Msampha wina ndi wa kuwerenga kawiri. Ngongole ya bizinesi ya $1 miliyoni kapena yocheperapo, kapena ya ulimi ya $500,000 kapena yocheperapo, banki yaikulu imailemba kale ngati small business kapena small farm loan. Singaibweretsenso ngati community development loan, ngakhale itadutsa mayeso awiri aja. Chimodzimodzi ngongole ya nyumba ya banja limodzi imene yalembedwa mu HMDA (malipoti a ngongole za nyumba amene mabanki amapereka ku boma). Zololedwa kuoneka mbali ziwiri ndi ngongole za nyumba za mabanja ambiri, mafulati.

Tsabola:
Ndiye ngongole ya $900,000 ndi ya $1.1 miliyoni ku bizinesi yomweyo zimagwera m'mabokosi osiyana?

Kauniuni:
Eya. Malire amayang'ana ndalama zimene zinabwerekedwa pachiyambi.

Mlamu_wa_Texas:
Mwaiwala funso la "kuti". Ntchito ikhoza kudutsa khomo bwinobwino koma n'kukanidwa chifukwa cha malo. Banki iliyonse imajambula assessment area yake: madera amene kuli likulu, nthambi, ma ATM olandira ndalama zosungitsa, ndi ozungulira kumene yabwereketsa kwambiri. Imatenga ma census tract athunthu, ndipo siloledwa kulumpha dala madera a LMI. Ntchito ya chitukuko iyenera kupindulira dera limeneli, kapena chigawo chokulirapo cha state kapena ma state oyandikana chimene derali lili mkati mwake. Kuyambira 2013 ananena momveka kuti ngati banki yasamalira kale zosowa za dera lake, ntchito za m'chigawo chokulirapocho ziwerengedwa ngakhale sizifika kudera lake lenilenilo.

Zotsatira zake n'zakuti mizinda imene kuli malikulu a mabanki ambiri, monga New York, Wilmington ndi Salt Lake City, mabanki amalimbirana mapolojekiti, pomwe maboma akumidzi opanda nthambi ya banki yaikulu amasowa wowayang'ana.

Chimodzi chosiyana: ndalama zimene banki yaika ku banki ya anthu a mitundu yochepa, ya amayi, kapena ku low-income credit union (bungwe longa SACCO la anthu opeza zochepa) zimawerengedwa ngakhale zili kunja kwa dera lake.

Mphangwe22:
Ndiye bungwe limene likutolera ndalama zokumbira mijigo ku Malawi lisavutike n'komwe?

Mlamu_wa_Texas:
Lipemphe ngati mphatso wamba, koma lisatchule CRA. Ndi lamulo la madera a mu America. Chimene chimakhudza anthu athu ndi ntchito yotumiza ndalama kunja pamtengo wabwino. Imeneyo inatchulidwa pamodzi ndi maakaunti otsika mtengo ngati ntchito imene oyendera amaiganizira, chifukwa imapeputsira opeza zochepa amene akukhala m'dera la banki.

Tsabola:
Lamulo ngati ili likanakhala kwathu bwenzi mabanki atatsegula nthambi mpaka kumidzi, osangounjikana mu Lilongwe ndi Blantyre.

Gologolo:
Lingayende bwanji popanda manambala? CRA yonse yatsamira pa kudziwa ndalama zimene mabanja amapeza mu census tract iliyonse. Amazitenga ku kafukufuku wa boma wa American Community Survey, ndipo FFIEC (komiti yogwirizanitsa oyendera mabanki) imatulutsa mndandanda chaka ndi chaka. Munthu wodya za kumunda kwake ndi geni ya apo ndi apo umuika pa maperesenti angati?

MayiWaMabuku:
Ku South Africa anatenga njira ina, Financial Sector Charter imene inayamba mu 2004, yokhala ndi zolinga za gawo lonse la zachuma pansi pa BEE, ndondomeko yotukula anthu akuda pa chuma. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, tibwerere kwa a Mphangwe22.

Kadzidzi:
Khomo lachinayi sitinalitsegule bwino. M'dera la LMI, ntchito imadzutsa kapena kulimbitsa dera ngati ikukopa kapena kusunga anthu ndi mabizinesi. Sitolo yaikulu ya zakudya m'dera limene munalibe ndi chitsanzo chodziwika. Ikakhala mbali ya pulani ya boma yokonzanso deralo, umboni umakhala wosavuta. Kungobwereketsa munthu wolemera amene akukhala m'dera losauka sikudzutsa dera.

Mu 2005 anawonjezera madera akumidzi a middle income (opeza zapakatikati, pamwamba pa LMI). Dera limatchedwa distressed likakhala m'county (boma laling'ono la mkati mwa state) imene ulova wake ndi wochuluka kamodzi ndi theka kuposa wa dziko lonse, kapena umphawi wafika maperesenti 20, kapena anthu achepa ndi maperesenti 10 pakati pa kalembera ndi kalembera, kapena osamuka achepetsa anthu ndi maperesenti 5 m'zaka zisanu zotsogolera kalembera. Underserved ndi madera akutali a anthu ochepa, ndipo kumeneko zowerengedwa ndi zosowa zikuluzikulu monga chipatala, sukulu, madzi, intaneti, bola opeza zochepa apindule nawo. Dera likachotsedwa pa mndandanda pamakhala chaka chimodzi choti ntchito ziziwerengedwabe.

Za ngozi zachilengedwe, dera liyenera kulengezedwa ndi boma lalikulu ngati major disaster kudzera ku FEMA, nthambi ya boma yoona za ngozi, ndipo ntchito zokonzanso zimawerengedwa kwa miyezi 36. Nthawiyi ikhoza kutalikitsidwa, monga anachitira pa madera okhudzidwa ndi mphepo yamkuntho ya Katrina.

NyenyeziYaMmawa:
Nkhaniyi ili ndi mbali yachiwiri: oyendera amayeza bwanji banki? Zimadalira kukula kwa banki, ndipo malire amasintha chaka chilichonse. Mu 2025 banki ya chuma chosafika $402 miliyoni inali yaing'ono, imapimidwa pa kubwereketsa kokha, ndipo chitukuko imachibweretsa mwakufuna ikafuna giredi yapamwamba ya Outstanding. Kuyambira $402 miliyoni koma osafika $1.609 biliyoni inali intermediate small bank, imene ili ndi mayeso awiri, a ngongole ndi a community development, ndipo iyenera kupeza giredi yokhoza ya Satisfactory pa onse awiri. Mabanki amenewa ndi amene bungwe laling'ono lingawafikire mosavuta, chifukwa thandizo la $5,000 limaoneka m'lipoti lawo.

Banki yaikulu ili ndi mayeso atatu. Lending test (ya kubwereketsa) imapereka mapointi 12, 9, 6, 3 kapena 0, ndipo ngongole za chitukuko zili m'menemo. Investment test (ya ndalama zolowetsedwa m'chitukuko ndi mphatso) ndi service test (ya ntchito zotumikira anthu) iliyonse imapereka 6, 4, 3, 1 kapena 0. Mapointi 20 kupita m'mwamba ndi Outstanding, 11 mpaka 19 Satisfactory, 5 mpaka 10 Needs to Improve, 0 mpaka 4 Substantial Noncompliance. Koma onse pamodzi sangapose mapointi a lending kuchulukitsa katatu. Banki ikapeza 3 pa lending, ngakhale itapeza 6 ndi 6 kwinako, imathera pa 9, yalephera. Mphatso sizingaombole banki yosabwereketsa.

Mabanki a wholesale (osabwereketsa anthu wamba) ndi a limited purpose, monga a makhadi a ngongole okha, amapimidwa pa community development yokha, ndipo akakwaniritsa dera lawo amawerengeredwa ntchito za dziko lonse. Banki ikhozanso kusankha strategic plan, pulani yakeyake yoti adzaipimirepo, ya zaka zosaposa zisanu, imene iyenera kuikidwa poyera masiku osachepera 30 kuti anthu aperekepo maganizo.

Gologolo:
Ndiye pamafunika madola angati kuti banki ipeze 6 pa investment?

NyenyeziYaMmawa:
Nambala yotero mulibe m'malamulo a 1995, ndipo ndilo dandaulo lalikulu la mabanki. Woyendera amayang'ana kuchuluka kwa ndalama poyerekeza ndi mphamvu za banki, ambiri amayerekeza ndi tier 1 capital (mpamba weniweni wa banki), komanso ndi mabanki ofanana nayo. Kenako amayang'ana ngati ntchitoyo ikuyankha chosowa chenicheni cha m'deralo, ngati ndi yatsopano kapena yovuta kukonza, ndi ngati anthu ena a ndalama akanaichita popanda banki. Zosowazo amazidziwa pocheza ndi mabungwe a m'deralo, community contacts. Thandizo laling'ono lolunjika pa vuto limene anthu atchula likhoza kulemera kuposa kukula kwake.

Tsabola:
Papepala. Koma zoona zake n'zakuti banki imagula mortgage-backed securities, mapepala a ndalama oimira ngongole za nyumba za anthu a LMI, kutatsala miyezi yochepa kuti oyendera abwere, n'kudzazigulitsanso kwa banki ina imene ikudikira mayeso ake. Palibe nyumba yatsopano imene yamangidwa.

Kauniuni:
Zimachitikadi, ndipo zimawerengedwa, koma woyendera wosamala amazilemba kuti n'zosavuta ndipo sizilemera kwambiri. Yerekezani ndi Low-Income Housing Tax Credit ya 1986: banki imalowetsa ndalama mu polojekiti, imalandira kuchotseredwa msonkho kwa zaka 10, nyumba zimayang'aniridwa zaka 15 zoyambirira, ndipo mwa njira zake ziwiri zakale mwina maperesenti 20 a nyumba apite kwa opeza zosaposa maperesenti 50, kapena maperesenti 40 kwa opeza zosaposa 60. Ndalama zoterezi zikadali m'mabuku zimawerengedwanso pa mayeso otsatira, pamtengo wotsala m'mabukumo, pomwe mphatso imawerengedwa kamodzi kokha m'nyengo imene yaperekedwa.

Mlamu_wa_Texas:
Pepani, koma makomo si 11 tsopano? Lamulo latsopano linawonjezera kukonzekera ngozi ndi nyengo, madera a Amwenye a ku America (Native Americans), ndi zina.

MayiWaMabuku:
Alamu, limenelo ndi la pa 24 October 2023. Linalidi ndi magulu 11, malire atsopano a $600 miliyoni ndi $2 biliyoni, ndipo pa banki yaikulu linapatsa community development financing maperesenti 40 ndi community development services maperesenti 10. Linalonjezanso mndandanda wa zitsanzo ndi njira yofunsiratu ngati ntchito iwerengedwa. Koma mabungwe a mabanki analisumira kwanu komweko ku Texas, khoti linaliimitsa pa 29 March 2024 lisanayambe kugwira ntchito, ndipo mu July 2025 oyendera atatu aja anatulutsa ganizo lolichotsa n'kubwerera ku malamulo a 1995. Lamulo lina la OCC yokha la 2020 nalonso linachotsedwa mu December 2021. Ndiye mukalemba kalata yopempha thandizo, gwiritsani ntchito makomo anayi aja.

Mlamu_wa_Texas:
Ndagonja mayi.

Tsabola:
Zonsezi, koma mabanki oposa 90 pa 100 alionse amakhoza. Mayeso otani amene pafupifupi aliyense amadutsa?

Kadzidzi:
Dandaulo limenelo ndi lakale ndipo lili ndi maziko. Komabe kulephera kumaluma. Palibe chindapusa, koma giredi imayang'anidwa banki ikafuna kugula ina, kuphatikizana kapena kutsegula nthambi, ndipo kuyambira ndi Gramm-Leach-Bliley ya 1999 kampani imene banki yake ili pansi pa Satisfactory singayambe ntchito zatsopano za financial holding company (kampani yololedwa kuchita ntchito zina za zachuma kupatula za banki). Tsankho kapena chinyengo pa ngongole chimatsitsanso giredi ngakhale manambala a chitukuko ali abwino. OCC inatsitsa Wells Fargo kufika pa Needs to Improve mu March 2017 pa chifukwa chotere.

Dziwaninso kuti ma credit union ndi makampani obwereketsa ndalama za nyumba amene si mabanki sali pansi pa CRA ya boma lalikulu. Massachusetts ndi Illinois ali ndi malamulo awoawo amene amawakhudza.

Mphangwe22:
Ndamva tsopano. Ndiye bungwe lipite ndi chiyani m'manja?

MayiWaMabuku:
Liyambe lawerenga performance evaluation yomaliza ya bankiyo. Ndi chikalata chapoyera, chimapezeka pa intaneti kwa oyendera ake kapena mu public file ya banki, ndipo chimafotokoza dera lake ndi mbali imene inafooka. Kenako lilowetse adiresi yake mu geocoder (tsamba la pa intaneti lofufuzira adiresi) ya FFIEC kuti lidziwe census tract ndi gulu lake. M'kalata litchule khomo limodzi mwa anayi aja, chiwerengero cha anthu othandizidwa chaka chatha, angati mwa iwo ndi LMI ndi njira imene mwadziwira, ma county amene akukhala, ndi chimene ndalamazo zikagwire. Ngati bungwe lili ndi ntchito zingapo ndipo imodzi yokha ndi ya opeza zochepa, pemphani kuti thandizo lilembedwe kuti ndi la ntchito imeneyo yokha, apo ayi woyendera ayeza bungwe lonse ndipo nambala zikhoza kuperewera.

Gologolo:
Nanga banki ikagula tebulo pa phwando lotolera ndalama?

NyenyeziYaMmawa:
Kawirikawiri amachotsa mtengo wa chakudya ndi zina zimene banki yalandirapo, chotsalacho n'chimene chimaperekedwa kwa oyendera. Risiti ya bungwe ionetse manambala awiriwo padera, ndi deti, chifukwa thandizo loperekedwa nyengo ya mayeso itatsekedwa limadikira mayeso otsatira.